Opeka nyimbo ndi dzanja la olamulira

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mlomo pa nkhani imene yakhala ikumveka kuno ku Angonia chiyambire nyengo ya kampeni, yakuti woimba weniweni sayenera kuyandikira ndale, ndiponso kuti achinyamata athu atengere chitsanzo kwa akatswiri akale a ku Ulaya, onga Mozart ndi Beethoven, amene akuti ankangopeka nyimbo zokoma osalabadira za mafumu ndi maboma. Mawu amenewa ndawamva kwa anthu amene ndimawalemekeza, ena mwa iwo ndi anzanga otsogolera makwaya, ndipo chimene chawatopetsa ndikuchimvetsa, pakuti tonse taona mnyamata waluso akutamanda lero munthu amene dzulo ankamunyoza, chifukwa cha ndalama ya tsiku limodzi. Koma chitsanzo chimene asankha n'cholakwika. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndaphunzitsa kwaya zaka zoposa makumi atatu, ndipo nyimbo za akatswiriwa ndidayamba kuzimva ndili mnyamata pa galamafoni ya wansembe wina ku mishoni. Chimene ndapeza powerenga mbiri zawo n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene dzanja la olamulira silidamukhudze. Amasiyana pa zimene aliyense adachita dzanjalo litamugwira, ndiponso pa kukula kwa chilango chimene chinkamudikira akakana.

Ndiyambe ndi Joseph Haydn, chifukwa pa iye nkhaniyi ili poyera. M'chaka cha 1761 adalembedwa ntchito ndi banja la akalonga a Esterházy, ndipo adalitumikira zaka pafupifupi 30. Pangano lake la ntchito linkanena kuti azivala yunifolomu, azionekera tsiku ndi tsiku kudzamva ngati bwana akufuna nyimbo, ndiponso kuti zimene wapeka ndi za bwanayo ndipo asapatse wina popanda chilolezo. Kunena mosapsatira, adali wantchito wa pakhomo, ngakhale wolemekezeka. M'chaka cha 1772 kalonga Nikolaus adakhalitsa ku nyumba yake ya kumudzi ya Eszterháza, ndipo oimba ake, amene adasiya akazi ndi ana ku Eisenstadt, adayamba kudandaula. Haydn sadapite kukatsutsana ndi bwana. Adapeka simfone, ndiye kuti nyimbo yaitali ya zigawo zingapo yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zoimbira, ndipo m'chigawo chotsiriza adakonza kuti oimba azileka mmodzimmodzi, aliyense azizima kandulo yake n'kutuluka, mpaka padatsala anthu awiri okha ndi mavayolini awo. Mbiri imati kalonga adamva tanthauzo lake ndipo adalamula kuti onse abwerere kwawo.

Mwana aliyense wa kuno amene adakulira pafupi ndi mtondo sangadabwe ndi nzeru imeneyi. Amayi athu akafuna kuuza apongozi kapena bambo wa pakhomo mawu olemera, ankawaika m'nyimbo ya pamtondo, mwini nkhani n'kumva ali chikhalire pakhonde, popanda womuloza chala. Kumwera kwa dziko lathu, ku Zavala, Achopi ali ndi magulu a timbila amene ndi okesitira yeniyeni, yokhala ndi opeka nyimbo odziwika ndi mayina awo. Katini ndi Gomukomu, amene wofufuza nyimbo Hugh Tracey adalemba za iwo m'zaka za m'ma 1940, ankapeka nyimbo zazitali za zigawo zambiri zoimbidwa pabwalo la mfumu, ndipo m'mawu ake munkalowa madandaulo a msonkho, a chibalo ndi a ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Ankadya kwa mfumu, n'kumadzudzulanso pamaso pa mfumu yomweyo. Ndikaika Haydn pambali pa Katini ndimaona amisiri awiri a ntchito imodzi.

Za Mozart sindichulukitsa. Iye goli limeneli lidamukanika. Ankatumikira bishopu wamkulu wa ku Salzburg, Colloredo, amene adalinso wolamulira dera, ndipo m'makalata opita kwa bambo ake adadandaula kuti amamudyetsa pa tebulo limodzi ndi antchito a m'nyumba. M'chaka cha 1781 adapempha kusiya ntchito, ndipo nduna ya bishopuyo, Arco, idamutulutsa pakhomo ndi theche. Patapita zaka zisanu adapeka opera, sewero loimba, ya wantchito Figaro amene amaposa bwana wake nzeru, yochokera pa sewero limene mfumu Joseph II idaletsa kuonetsedwa ku Vienna. Kuti iloledwe, wolemba mawu ake adayenera kuchotsa ndime zolasa kwambiri anthu apamwamba.

Tsopano ndifike pa Ludwig van Beethoven, amene anthu amamutchula kwambiri, ena pofuna kuonetsa kuti luso lilibe ndale, ena pofuna kuonetsa munthu wolimba mtima wosagwadira aliyense. Onsewa akuona mbali imodzi. Beethoven adabadwa mu 1770 ku Bonn, ndipo adali ndi zaka 18 pamene anthu a ku France adaukira ufumu wawo mu 1789. Adakhulupirira ndi mtima wonse kuti nthawi ya ufulu ndi kufanana kwa anthu yafika, ndipo adaona Napoleon Bonaparte ngati munthu wonyamula chiyembekezo chimenecho. Simfone yake yachitatu, imene adailemba m'zaka za 1803 ndi 1804, adaitcha dzina la Bonaparte. Wophunzira wake Ferdinand Ries adasimba kuti atamuuza kuti Napoleon wadzilonga ufumu, Beethoven adapsa mtima n'kung'amba tsamba loyamba. Pa kope lina limene lilipo mpaka lero, dzinalo lidafufutidwa mwaukali moti pepala lidabooka. Nyimboyo idatuluka ndi dzina la Eroica.

Nkhaniyi ndi yoona ndipo ndimaikonda, koma siithera pamenepo. Simfone yomweyo adaipereka kwa kalonga Lobkowitz, amene adamulipira. M'chaka cha 1809 akalonga atatu, Rudolph, Kinsky ndi Lobkowitz, adagwirizana zomupatsa ndalama zokwana mafulorini 4,000 chaka chilichonse kuti asachoke ku Vienna. Mu 1814, pamene mafumu amene adagonjetsa Napoleon adasonkhana mumzindawo kuti abwezeretse ulamuliro wakale, Beethoven adawapekera nyimbo yowatamanda, ndipo akatswiri ambiri amaiwerengera pakati pa ntchito zake zofooka. Ngakhale simfone yachisanu ndi chinayi ya mu 1824, imene kwaya yake imaimba ndakatulo ya Schiller yonena kuti anthu onse adzakhala abale, adaipereka kwa mfumu ya Prussia. Sindikunena izi pofuna kumuchepetsa. Munthu amene makutu ake adali atagontha, wopanda munda kapena malonda, adayenera kudya. Chimene ndikufuna owerenga aone n'chakuti mkwiyo wake pa Napoleon sudamuike pa ngozi iliyonse, pakuti ankakhala m'dziko limene Napoleon adali mdani wake. Adang'amba tsamba masana, usiku n'kugona pa bedi lake.

Pali chinthu china chokhudza simfone yachisanu ndi chinayi chimene ife a ku Tete tiyenera kuchidziwa kuposa anthu ena. Chuni chake chotchuka, chija timachimva m'matchalitchi ndi m'mafoni, ndi nyimbo ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya lero, ndipo chidaimbidwa ku Berlin mu Disembala 1989 pokondwerera kugwa kwa khoma logawa mzindawo. Koma simfone yomweyo idaimbidwanso ku Berlin mu Epulo 1942 pa mwambo wa tsiku lobadwa la Hitler. Ndipo mu 1974 boma la Ian Smith lidatenga chuni chimenechi, n'kuikamo mawu ake, kukhala nyimbo ya fuko ya Rhodesia. Tanthauzo lake n'lakuti pamene ndege za Rhodesia zidadzaponya mabomba pa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Chimoio, m'chigawo cha Manica, ndi ku Tembue, m'chigawo chathu chino, mu Novembala 1977, asilikali amene adatumidwa ntchitoyo ankaimirira njo polemekeza chuni cha ubale wa anthu onse. Ine nditazindikira zimenezi, patapita zaka zambiri, ndidakhala nthawi yaitali osafuna kuchimva. Pambuyo pake ndidavomereza kuti wopeka nyimbo alibe mphamvu pa nyimbo yake ikatuluka m'nyumba, monga mwini mbewu alibe mphamvu pa munda umene mbalame yakaigwetsa. Mlandu wa Tembue si wa Beethoven. Komabe munthu amene amati nyimbo zamtunduwu zili kutali ndi ndale ayenera kuyamba wafotokoza mmene chuni chimodzi chidatumikirira mabwana osiyana chotere.

Giuseppe Verdi ndi Richard Wagner ndi oyenera kuwaika pamodzi, chifukwa adabadwa chaka chimodzi, 1813, onse adali akatswiri a opera, ndipo onse adakhala pa nthawi imene mayiko awo, Italy ndi Germany, adali zidutswazidutswa zofuna kulumikizana. Verdi adagwira ntchito pansi pa maofesi ounika ndi kuletsa masewero, ndipo njira yake idali yokambirana, kutaya pang'ono kuti apulumutse chachikulu. Opera yake ya Rigoletto, ya mu 1851, idachokera pa sewero lonena za mfumu yachiwerewere ya ku France. Akuluakulu a boma la Austria, limene linkalamulira Venice, adakana kuti mfumu ionetsedwe chotero, ndipo Verdi adalola kuti mfumuyo isanduke kalonga wa ku Mantua, koma nkhanza za wolamulira pa mwana wamkazi wa wantchito wake zidatsala momwemo. Opera ina yonena za kuphedwa kwa mfumu Gustav III ya ku Sweden idakanidwa ku Naples, ndipo idadzaonetsedwa ku Rome mu 1859 nkhani yake itasamutsidwira ku Boston, kutsidya kwa nyanja. Nyimbo yake ya akapolo achihebri olira kwawo ali ku Babulo, ya mu opera ya Nabucco ya mu 1842, yochokera ku maganizo a Salimo 137, idasanduka m'kupita kwa nthawi nyimbo ya Ataliyana olakalaka dziko lawo, ndipo idaimbidwa pamene khamu lalikulu linkaperekeza thupi lake ku Milan mu 1901. Ife amene tidakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu ngati othawa nkhondo, tikuona mapiri a kwathu ndi maso koma osatha kupondako, salimo limenelo sitifuna wotimasulira. Verdi adakhalanso phungu m'nyumba ya malamulo yoyamba ya Italy mu 1861, ndipo sadapemphe mpandowo, adachita kukakamizidwa ndi nduna yaikulu Cavour.

Wagner adayamba moopsa kuposa Verdi. Mu Meyi 1849, ali wotsogolera oimba a mfumu ya Saxony, adalowa nawo m'chipolowe choukira boma ku Dresden, ndipo chitalephera adathawira ku Zurich, n'kukhala zaka zoposa khumi asakuloledwa kubwerera ku Germany. Koma mu 1864 mfumu yachinyamata ya Bavaria, Ludwig II, ya zaka 18 zokha, idamuitana, idamulipirira ngongole zake, ndipo pambuyo pake idathandiza kumanga nyumba yake ya opera ku Bayreuth imene idatsegulidwa mu 1876. Woukira mafumu uja adatha moyo wake akudya m'dzanja la mfumu. Chimenechi ndingachikhululuke, monga ndakhululukira Beethoven. Chimene sindingachilambalale ndi nkhani yonyoza Ayuda imene adasindikiza mu 1850 ndi dzina lobisa, n'kudzaisindikizanso mu 1869 ndi dzina lake lenileni, popanda boma kapena msilikali womukakamiza. Adamwalira mu 1883, Hitler asanabadwe, choncho sangayankhe pa zonse zimene chipani cha Nazi chidachita ndi nyimbo zake. Koma kusiyana kwake ndi Beethoven n'koonekeratu. Ian Smith adachita kuba chuni chimene mawu ake ankamutsutsa, pamene Hitler adapeza mwa Wagner chidani chimene mwini wake adachilemba kale ndi dzanja lake. Nyimbo za Wagner zili ndi mphamvu yodabwitsa, ndipo sindikana kuti ndimazimvera, koma munthuyo sindingamuike patsogolo pa ana ngati chitsanzo.

Amene ndikufuna kukhalitsa pa iye ndi Dmitri Shostakovich wa ku Russia, wobadwa mu 1906, chifukwa mwa onsewa ndiye amene moyo wake ndimaumva m'mafupa. Ali ndi zaka 29 adali kale wotchuka, ndipo opera yake ya Lady Macbeth wa ku Mtsensk idali itaonetsedwa kwa zaka ziwiri anthu akuikonda. Pa 26 Januwale 1936 Stalin, wolamulira dzikolo, adapita kukaionera ndipo adatuluka isanathe. Patapita masiku awiri nyuzipepala ya chipani, Pravda, idalemba kuti imeneyi si nyimbo koma chisokonezo, n'kuchenjeza kuti masewera otere angathe kutha moipa. M'dziko limenelo, pa nthawi imeneyo, mawu otere sadali maganizo a mtolankhani chabe. M'miyezi yotsatira mlamu wake adamangidwa, mlongo wake adapirikitsidwira kutali, apongozi ake aakazi adatumizidwa ku ndende ya ntchito yakalavulagaga, ndipo Tukhachevsky, mkulu wa asilikali amene ankamuteteza, adawomberedwa mu Juni 1937. Simfone yake yachinayi adaibweza oimba ali mkati moiyeserera, ndipo idakhala m'kabati mpaka 1961.

M'malo mwake adapeka yachisanu, imene idaimbidwa ku Leningrad pa 21 Novembala 1937. Akuluakulu a chipani adakhutira, pakuti idali yomveka bwino ndipo idatha ndi malipenga ndi ng'oma zachipambano. Koma anthu a m'holoyo, ambiri mwa iwo ali ndi abale amene adatengedwa usiku, adalira misozi pa chigawo chachitatu, chija choyenda pang'onopang'ono ngati nyimbo ya maliro, ndipo adawomba m'manja nthawi yoposa theka la ola. Kufikira lero akatswiri amatsutsana ngati mathero ake ali chimwemwe chenicheni kapena chimwemwe cha munthu wolamulidwa kusangalala. Ine mtsutso umenewu sundivuta, chifukwa ndidaimbapo nyimbo yotero. M'zaka za nkhondo, tisanathawe, anthu a mfuti adafika m'mudzi mwathu n'kutisonkhanitsa pabwalo, ndipo podziwa kuti ndine wa kwaya adandiuza kuti nditsogolere nyimbo yowalandira. Ndidaitsogolera, ndipo tidaimba mokweza, amayi akululuta. Aliyense pabwalopo ankadziwa chimene chidali m'mtima mwa mnzake, ndipo palibe adanamiza mnzake. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, amatero akuluakulu, koma ife tidaphunzira kuti nthawi zina amalamulidwa kuimba. Ndikamvera mathero a simfone yachisanu, ng'oma ikugunda mobwerezabwereza ngati munthu wokhoma msomali, ndimakumbukira bwalo lija.

Nkhondo ya Hitler itafika, boma lomwe lija lidamusandutsa ngwazi. Simfone yake yachisanu ndi chiwiri adaiyamba ku Leningrad mu 1941 mzindawo ukuzingidwa ndi asilikali a Germany, adaimaliza atasamutsidwira ku Kuibyshev, ndipo pa 9 Ogasiti 1942 idaimbidwa mu Leningrad mwenimwenimo, anthu akufa ndi njala. Oimba ambiri a okesitira ya wayilesi adali atamwalira kapena kufooka, moti adachita kuitana asilikali odziwa kuimba ndi kuwonjezera chakudya kwa otsalawo kuti athe kuuzira malipenga. Nyimboyo idaulutsidwa pa zokuzira mawu mpaka kumene kudali adani. Koma mu 1948 chipani chidamudzudzulanso pamodzi ndi wopeka nyimbo mnzake Prokofiev ndi ena, adachotsedwa ntchito yophunzitsa, ndipo adaimirira pagulu kuvomera zolakwa zimene sadalakwe. Chaka chotsatira Stalin adamutumiza ku New York kukayankhulira boma lomwe linkamupondereza.

Sindibisa zimene zimamudetsa. Adalandira mphotho zotchedwa dzina la Stalin kangapo, adapeka nyimbo zotamanda boma, adalowa chipani mu 1960 Stalin atamwalira kale, ndipo mu 1973 dzina lake lidaoneka pa kalata yodzudzula Andrei Sakharov, wasayansi womenyera ufulu wa anthu. Koma munthu yemweyo mu 1962 adapeka simfone ya nambala 13 pa ndakatulo za Yevtushenko, ndipo yoyamba mwa izo imanena za Babi Yar, chigwa cha ku Kyiv kumene Ayuda oposa 33,000 adaphedwa m'masiku awiri mu Seputembala 1941, nkhani imene boma silinkafuna kuti ikumbukiridwe motero. Pamene Wagner, ali mfulu, adasankha kunyoza Ayuda, Shostakovich, ali womangika, adasankha kuwalira. Anthu amene sadagonepo ndi nsapato kuphazi amafulumira kumutcha wamantha n'kutamanda Beethoven. Ine kuweruza kwanga n'kosiyana. Luso la Beethoven ndi lalikulu koposa, ndipo pa zimenezo sinditsutsa, koma pa funso la kulimba mtima, tsamba limodzi long'ambidwa ku Vienna silingalemere kuposa chigawo chachitatu chija choimbidwa ku Leningrad m'chaka chimene anthu ankasowa usiku uliwonse.

Pali wina amene ife olankhula Chipwitikizi tidayenera kumudziwa bwino koma sitimutchula, Fernando Lopes-Graça, wobadwira ku Tomar, m'dziko la Portugal, mu 1906, chaka chimodzi ndi Shostakovich. Iye adali wachikomyunizimu m'dziko la wolamulira wankhanza Salazar, monga mnzakeyo adali wokayikiridwa m'dziko la chikomyunizimu, ndipo zimenezi zikutiphunzitsa kuti kuopa nyimbo si matenda a mbali imodzi ya ndale. Apolisi achinsinsi, amene kuno tidawadziwa ndi dzina la PIDE, ankamulonda, adamangidwa kangapo, adaletsedwa kuphunzitsa, ndipo nyimbo zake za kwaya zolimbikitsa anthu kukana ulamuliro wankhanza zidaletsedwa. Atatsekeredwa njira zonsezi adatembenukira ku nyimbo za alimi ndi abusa a kumidzi ya Portugal, n'kumazikonza kuti kwaya yake ya anthu wamba iziimba. Boma limene linkamuzunza ndi lomwe lija linkatimenya ndi mbalamatodya, kutitengera ku chibalo, ndi kupha anthu a ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972. Ulamulirowo utagwa mu 1974 adapeka nyimbo yaikulu ya maliro yokumbukira onse amene adazunzika nawo. Ndimaona kuti n'chinthu chosayenera kuti mwana wa sekondale ku Ulongwe kapena ku Moatize amalize maphunziro asanamve dzina la Mpwitikizi ameneyu.

Ngakhale kwathu kuno umboni suli patali. Nyimbo ya fuko imene tidaimba kuyambira 1975, yopekedwa ndi Justino Chemane, inkatchula dzina la chipani, ndipo dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri idayenera kusinthidwa mu 2002. Gule wamkulu adadedwa ndi amishoni, adakayikiridwa ndi atsamunda, ndipo ufulu utabwera adatchedwa chinthu chobwezera anthu m'mbuyo, koma mu 2005 bungwe la UNESCO lidamulemekeza pamodzi ndi timbila ngati chuma cha anthu onse. Zilombo zina za m'gulemo zimavala nkhope za mzungu, za msilikali kapena za munthu wadyera, ndipo woonerera amadziwa amene akunenedwa. Makolo athu sadalekanitse ng'oma ndi nkhani za mudzi.

Choncho kwa anzanga otsogolera makwaya ndikuti, kuuza mnyamata kuti asayandikire ndale n'kumuuza chinthu chimene Haydn, Verdi ndi Katini sadachite, ndipo iye adzaona yekha kuti n'chosatheka tsiku limene mfumu ya m'mudzi kapena mkulu wa boma adzaitana kwaya yake. Chomuthandiza ndi kumuuza mbiri zimenezi momwe zilili, zoyera ndi zakuda zomwe, kuti adziwe kusiyanitsa woimba mokakamizidwa ndi mfuti, woimba kuti ana adye, ndi woimba chidani mwa kufuna kwake. Mnyamata wa lero amene akutamanda munthu pa msonkhano sali pa malo a Shostakovich, pakuti palibe adzamutenga usiku akakana, ndipo sayenera kubisala kumbuyo kwa dzina la Shostakovich. Ali pafupi ndi Beethoven wa mu 1814, ndipo ndi bwino adziwe kuti nyimbo imene Beethoven adapekera mafumu chaka chimenecho siimbidwa kawirikawiri lero.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mupatule kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pa mwezi, kolembamo mbiri za opeka nyimbo m'Chichewa, a ku Ulaya ndi a kwathu omwe, pakuti ana a ku Maputo ali ndi mwayi wa Xiquitsi, ntchito yophunzitsa achinyamata vayolini ndi zoimbira zina imene idayamba mu 2013, pamene a kuno ku Angonia, Tsangano ndi Macanga amangomva zidutswa za nyimbozi m'mafoni osadziwa mwini wake. Ine ndili wokonzeka kuthandiza ndi zochepa zimene ndidasunga m'makope anga. Mwezi wamawa ndiyamba kuphunzitsa ana a kwaya ya pa tchalitchi pathu chuni chija cha simfone yachisanu ndi chinayi, m'mawu anayi, kuti adzaimbe pa Khirisimasi. Ndisanalembe solofa pa bolodi ndidzawauza za tsamba long'ambidwa ku Vienna, ndiponso za Tembue, chifukwa agogo a ena mwa iwo adamva kulira kwa ndegezo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ulongwe, Angonia